Masewero a pa Bwalo ku Malambo

Munthu wocokera ku Chipata akatsata mseu wa ku Mfuwe, mtunda wa makilomita oposa 100, amatsika pang'ono pang'ono kufikira atalowa m'cigwa ca Luangwa, cimene eni ace amacicha Malambo. Ili ndilo dziko la Akunda, m'boma la Mambwe. M'miyezi ya September ndi October dzuwa la kuno limawawa koposa. Kutentha kumapitirira madigiri 40, mitengo ya tsanya imayoyola masamba, ndipo mtsinje wa Lupande umasanduka mcenga, kotero kuti akazi amafukula madzi pakati pace. Koma nyengo yomweyi ya cilimwe ndiyo nyengo ya ng'oma. Zokolola zalowa m'nkhokwe, makasu apacikidwa, njira zimene zinali matope m'dzinja zauma, ndipo mowa sukusowa. Munthu amene wamasuka ku nchito pa Loweruka ndi pa Sabata sasowa coona.

Alendo ambiri amene amatera pa bwalo la ndege la Mfuwe amadzera nyama. Amaoloka mlatho wa pa Luangwa nalowa m'nkhalango ya South Luangwa, imene Boma linaikhazikitsa m'caka ca 1972, ndipo kukula kwace ndi masikweya kilomita 9,050. Kumeneko amaona mikango, mvuu, njati ndi nyamalikiti, nabwerera kwao okhutira. Zimenezo nzabwino, ndipo ana ambiri a m'boma lino amadya ndi kubvala cifukwa ca alendowo. Komabe tsidya lino la mtsinje, m'midzi ya anthu, kuli zoona zina zimene galimoto la alendo kawirikawiri limazipitirira. Nazonso zimanena za nyama zomwezo, koma monga amazidziwira munthu amene amagona nazo moyandikana.

Bwalo ndi eni ace

Ku Ulaya kuli nyumba zazikuru zomangidwira masewero okha. Ina yochuka ndi La Scala ya ku Milan, imene inatsegulidwa m'caka ca 1778, ndipo m'menemo nkhani yonse imanenedwa ndi nyimbo, kuyambira poyamba kufikira potsiriza. Wolowamo amagula tikiti, nakhala pa mpando wa nambala yace, nakhala cete. Akatsokomola kawiri, anzace amamceukira. Mwambo umenewu unafika ndi Azungu ku Lusaka ndi ku migodi, kumene anamanga nyumba zao za masewero. Ufulu utabwera, aphunzitsi ndi ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia anafuna njira yina, namanga bwalo lopanda denga lochedwa Chikwakwa, nayambanso kuyenda ndi masewero m'maboma, m'zinenero za anthu.

Anthu a ku Malambo akadaona Chikwakwa sakadadabwa, pakuti bwalo lopanda denga anali nalo ciyambire. Nkhani yoimbidwa nayonso si yacilendo. Agogo akamasimba nthano madzulo, ana amabvomera kuti "Tilitonse," ndipo nthano ikafika pobvuta, pamene Kalulu wagwidwa kapena mwana wamasiye watsala yekha ku dambo, wosimbayo amaleka kulankhula nayamba nyimbo, onse nampolokozera. Nthano imene omvera sabvomera imafera pakamwa. Mishoni itafika, monga ya Msoro imene anaiyamba wansembe Leonard Kamungu, sukulu zinaonjezapo masewero a m'Buku Lopatulika, a kubadwa kwa Ambuye ndi a mwana wolowerera, ndipo ana anapeza kuti nchitoyi anaiphunzira kale pa moto wa agogo.

Liu lakuti bwalo liyenera kulingaliridwa bwino. Pa bwalo mpamene mfumu imaweruza milandu, mpamene anamwali amabvinidwa, ndiponso mpamene ana amasewera mwezi ukawala. Malo ndi amodzi omwewo, pansi pa mtengo umodzi. Cifukwa cace munthu wakudza kudzaonera sewero pa bwalo amakhala monga wakudza ku mlandu: ali ndi ufulu wakung'ung'udza, wakuseka, wakufunsa, ndi wakutsutsa wonama. Nkhalamba ikaona kuti wosewera walakwitsa mwambo, imamdzudzula pomwepo, sewero lili mkati. Amene anazolowera kukhala cete amayesa kuti limeneli ndi phokoso cabe, koma eni ace amadziwa kuti bwalo likakhala zii, ndiye kuti nkhaniyo siinawakhudze.

Malaila

Coona cacikuru ca caka m'boma la Mambwe ndico mwambo wa Malaila, umene umacitika m'nyengo youma pansi pa Mfumu Yaikuru Nsefu. Akunda ali ndi mafumu asanu ndi imodzi: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Pa Malaila anthu a maiko onsewa amasonkhana malo amodzi kukumbukira makolo ao amene anacokera ku Uluba, m'dziko la Congo, ndi mtsogoleri wao Mambwe, amene dzina lace boma lino linatenga. Kumakhala kuyenda kwa mafumu pakati pa nthungululu, kupereka mitulo, mau a akuru a Boma, ndi magule a magulu ocokera m'midzi ndi m'sukulu, gulu liri lonse lofuna kuti pfumbi lace likwere koposa la anzace.

Akuru amanena kuti kale Malaila inali nyimbo ndi gule wa cipambano, makamaka pamene alenje apha mkango umene unabvuta mudzi. Munthu wa masiku ano, amene anaona mkango ali m'galimoto, sangamve msanga kulemera kwa cinthu cimeneci. Mkango ukalawa munthu, mudzi wonse unali m'ndende. Akazi sanali kupita ku madzi okha, ana sanali kuturuka dzuwa litapendeka, ndipo amuna anali kugona ndi mikondo kumutu. Tsiku limene cirombo cija cinagwa linali tsiku lomasuka, ndipo kubvina kwa tsikulo kunali kwa anthu amene mantha awacoka m'thupi.

Tsono apa pali cinthu codabwitsa. Pa mpando womwewo wa Nsefu mpamene panayambira njira yatsopano yokhalira ndi nyama. M'caka ca 1950 Norman Carr, amene anali wa nchito ya nyama m'Boma la Atsamunda, anapangana ndi Mfumu Nsefu ya nthawi imeneyo kuti ipatule gawo la dziko lace, kuti alendo azidzaona nyama zamoyo nalipira, ndipo ndalamazo zizithandiza anthu a mfumuyo. Kuyambira pamenepo mkango wamoyo unayamba kukhala ndi mtengo wace. Lero mdzukulu wa mlenje uja ndiye amayendetsa galimoto la alendo kufunafuna mkango, ndipo akaupeza amazimitsa injini kuti usadzidzimuke. Ikafika nthawi ya Malaila, mnyamata yemweyo amabvina pamodzi ndi anzace gule wa makolo amene anaimbira mkango wakufa. Woonerera wanzeru akayang'ana bwalo limenelo amaona mibadwo iwiri m'thupi limodzi, ndipo palibe wa iwo amene ali kunama.

Njobvu ifika pa bwalo

Mkango suli bvuto lalikuru la mlimi wa lero. Bvuto lace ndi njobvu. Ku Malambo ng'ombe sizikhala bwino cifukwa ca kashembe, kotero cuma ca banja ciri m'munda ndi m'nkhokwe: cimanga, mapira, mpunga ndi thonje. Njobvu zimaoloka Luangwa usiku, ndipo gulu limodzi likhoza kutha munda wa caka conse tambala asanalire. M'cilimwe, minda ikauma, zimatsata nkhokwe ndi mango m'kati mwa mudzi. Nthawi zina zimapha munthu wopita ku madzi kapena wopalasa njinga m'mamawa. Lamulo limaletsa mlimi kuipha, ndipo mlimiyo amatsala ndi mapesi ndi mkwiyo. Mkwiyo umenewu sapita nao kwa mfumu mosabvuta, ndipo kwa alonda a nyama, amene anthu amawacha a gemu, amaopa kuunena wonse, kuti angamuyese wopha nyama mobisa.

Pamenepa mpamene sewero linapeza nchito. Ku Mfuwe kunabadwa gulu la masewero lochedwa SEKA, la amuna ndi akazi a m'midzi yomweyi, ndipo linadziwika m'zaka za m'ma 2000 ndi masewero onena za anthu ndi nyama, monga lija lochedwa Kusanga. Dzina la gululo likunena lokha njira yace: munthu ayambe waseka, pamenepo khutu lace latseguka. Magulu a m'sukulu ndi a m'machalichi nao amacita masewero a mtundu womwewo, ndipo munthu wofunsa bwino pa msika sasowa womuuza kumene kuli sewero sabata imeneyo.

Sewero lotere silifuna nyumba kapena nyali. Osewera amafika ndi ng'oma, mphasa, malicero, nsaru ndi ndodo, naimba kufikira anthu atazinga bwalo. Ukatswiri wao uli m'thupi. Mnyamata akapinda msana, nakweza phewa limodzi, nayang'ana cam'mbali uku akudzikanda, ana onse amapfuula dzina la nyani asanalankhule kanthu. Wina amagwada nayenda ndi maondo monga njiri ikudya. Atatu akagwirana, malicero awiri nakhala makutu, mkono wa wakutsogolo nukhala citamba, njobvu yafika pa bwalo, ndipo imayenda mwa ulemu wace, mosafulumira, monga mwini dziko. Oonerera a kuno sanyengeka pa zimenezi. Amaidziwa njobvu kuyambira ubwana, ndipo khutu likagwedezeka molakwika amaseka wosewerayo, osati sewero.

Nkhani yace imayenda motere. Mlimi ndi mkazi wace alima, apalira, alindira. Usiku wina mwamuna wagona pa nsanja atatopa, ndipo njobvu ilowa. Kufikira pamenepa bwalo lonse liri kuseka, popeza mlimiyo amaliza mkonono pamene njobvu iri kudya pambali pace, ndipo podzuka amathawa nasiya nsapato. Koma kukaca, mkazi amafika ku munda naima, osanena kanthu, nayamba kutola zitsononkho zotsala m'nsaru yace. Pamenepo kuseka kumatha. Akazi ambiri okhala pa mphasa anatolapo zitsononkho zotere. Madzulo ace mwamuna amatenga waya nakachera msampha ku chire, ndipo m'msamphamo simugwa njobvu yakudya munda ija, koma nyama yina yosalakwa, kapena mwana wa njobvu amene citamba cace cimaduka. A gemu amafika, mwamuna amamangidwa, ndipo mkazi amatsala ndi ana, wopanda munda ndi wopanda mwamuna.

Apa wotsogolera amaimitsa sewero natembenukira kwa anthu nati, "Inu eni mudzi, atate ndi amai, walakwa ndani?" Ndipo bwalo limasanduka cimene linali kale, malo a mlandu. Wina amati walakwa mlimi pogona. Wina amati yalakwa njobvu, ndipo ngati iri ya Boma, Boma liimange m'khola monga mwini mbuzi amamangira zace. Nchembere imafunsa kuti ndalama za alendo zimathera kuti, popeza iyo siinazionepo. Mnyamata wogwira nchito ku malo ogona alendo amayankha kuti sukulu ya mlongo wace ikulipidwa ndi njobvu zomwezo. Wa gemu, ngati alipo, amamva mau amene sakadawamva ali ndi mfuti pa phewa, ndipo iyenso amapeza mpata wakunena kuti ali ndi munda, nayenso njobvu zinamdyera. Onse ali kunena za mlimi wa m'sewero, munthu wopanda dzina ndi wopanda mbale, ndipo cifukwa ca cimeneco akhoza kunena zoona popanda kudana.

Si kuti sewero limathamangitsa njobvu. Zothamangitsa njobvu ndi zina: tsabola wowawa amene alimi amapaka pa zingwe za mpanda kapena kumfukiza, nkhokwe za njerwa zimene citamba sicingapasule, ndi kulindira minda pamodzi m'malo mwa yense payekha. Koma nzeru zimenezi zikabwera ndi munthu wa pa ofesi atanyamula pepala, anthu amabvomera ndi pakamwa pokha. Zikaturuka pa bwalo, m'kamwa mwa mnansi, pambuyo pa kukangana, zimakhala zao. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso osewera ali ndi mboni yoopsa imene akhoza kuitana, ndiyo cipembere. Nyama imeneyi inali yambiri m'cigwa cino, koma opha nyama mobisa anaitha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia monse mulibenso cipembere cakuda. Zimene ziripo tsopano ku North Luangwa zinacita kubwera pa ndege kucokera ku South Africa kuyambira mu 2003. Mwana wa ku Mfuwe amamva dzina la cipembere monga amamvera za zirombo za m'nthano. Nkhalamba imene iri ndi mkwiyo pa njobvu ikakumbutsidwa zimenezi imakhala kanthawi osayankha.

Mabwalo awiri

Masewero omwewa amaonetsedwanso madzulo ku malo ogona alendo, m'mbali mwa mtsinje. M'menemo mulibe coipa. Wosewera naye ali ndi ana ofuna sopo ndi makope, ndipo ndalama za mlendo ndizo zimamlola kuti mawa akasewere ku mudzi kwaulere. Mlendo wa ku London kapena ku Johannesburg amaseka nyani, amazizwa ndi njobvu ya malicero, naomba m'manja ndi mtima wonse. Ena mwa iwo amapita kwao atamva kwa nthawi yoyamba kuti nyama imene anaijambula m'mamawa inagonetsa banja ndi njala usiku.

Koma pali ngozi imene iyenera kuchulidwa. Wolipira ng'oma ndiye amasankha nyimbo. Mlendo amakonda nyani koposa mkazi wotola zitsononkho, ndipo gulu losasamala likhoza kumacepetsa gawo la mkaziyo caka ndi caka, kufikira sewero litatsala la nyama zoseketsa zokha. Magule naonso akhoza kudwala nthenda yomweyo. Cimtali kapena citelele ca akazi, cimene pa mudzi cimanyamula nyimbo zodzudzula mwamuna waulesi kapena mpongozi wankhanza, cikabvinidwa kwa mphindi khumi pamaso pa anthu osamva mau ace cimatsala ciuno ndi nsaru zokha. Pa bwalo la alendo palibe nkhalamba yodzudzula wolakwitsa, ndipo funso lija lakuti walakwa ndani silipeza woliyankha. Cotero gulu limene lifuna kukhala ndi moyo liyenera kubwerera ku mudzi kawirikawiri, kumene oonerera ali aukali ndipo salipira kanthu, cifukwa kumeneko ndiko mpeni wace umanoledwa.

Mau kwa wopita kukaona

Kalaliki wa pa boma, mphunzitsi, namwino wa ku Kamoto, kapena mwana wa kuno amene anakulira ku Lusaka nabwera pa chuthi, onsewa ali ndi mwai umene mlendo wa kutali alibe, popeza amamva cinenero. Nzacisoni kuti ambiri a iwo amayesa zinthu za pa bwalo ngati za anthu osaphunzira, natha Loweruka lonse akuyang'ana mpira wa ku England pa kanema. Mpirawo udzakhalapo ndi sabata ya mawa. Sewero la pa bwalo likatha latha, ndipo mau amene nchembere ija inanena sadzamvekanso mwa njira yomweyo.

Wopita kumeneko asunge mwambo. Ayambe waonekera kwa mfumu ya mudzi, napereka moni woyenera. Akhale kumene amuna kapena akazi anzace akhala, asafune mpando ngati akuru ali pansi. Asatukule foni kujambula munthu asanapemphe. Gule akamkondweretsa, alowe m'bwalo nasupe wobvinayo ndi kandalama, monga acitira eni ace. Anyamule madzi akumwa, pakuti pfumbi ndi dzuwa la October sizicitira munthu ulemu. Ndipo asacedwe kubwerera, kapena agone komweko, cifukwa njira za ku Malambo usiku ziri ndi eni ace ena.

Amene afuna kuona zambiri akhoza kukwera ku mtunda kumapeto kwa August, ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko kumaturuka Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu onse a pa dziko. Za m'kati mwa guleyo sizilembedwa pa pepala ndi munthu wa ulemu. Cokwanira kunena ncakuti pakati pa zirombo zace palinso njobvu, ndipo imalemekezedwa koposa. Makolo anadziwa kale kuti nyama imene munthu amaiopa ndi kuilemekeza pamodzi iyenera kuitanidwa pa bwalo, kuti mudzi uiyang'ane pamaso.

Mwezi wa November mitambo imayamba kuunjikana kumadzulo, pamwamba pa mapiri a Muchinga, ndipo mvula yoyamba ikagwa ng'oma zimalowa m'nyumba, makasu naturuka. Osewera amabwerera ku minda yao monga wina ali yense. Cimanga cikayamba kubereka, uja anali citamba ca njobvu pa bwalo amakwera pa nsanja ndi tochi ndi cigubu cogogoda, namvetsera kuthyoka kwa mapesi mu mdima. Pamenepo mpamene padzaoneka ngati mudzi unapangana kanthu tsiku lija la mlandu: ngati pa nsanja yoyandikana pali mnzace wogalamuka, ndi ngati cingwe ca tsabola cinamangidwa kuzinga minda yonse kapena munda umodzi wokha.